Mwana Wofuna Kuphunzira Mitambo

"Ine mwana sindimukakamiza," anatero a Lumo, makina ometera ali m'mwamba ngati munthu wolumbira kukhoti. "Mumve bwino nonse muli pabenchipo. Wangayu akasankha udokotala, zikomo. Akasankha zoimba ng'oma, chikopa ndidzagula ndine. Dzanja langali limagwira mitu ya anthu kunja kokha, m'kati sililowa."

A Lumo anali ometa tsitsi, ndipo dzinalo linachita kuwamera chifukwa cha ntchito, mpaka ndi akazi awo omwe ankawaitana choncho. M'kachipinda kawo munali mpando umodzi wozungulira, kalilole wothimbirira m'makona, ndi benchi ya anthu asanu: awiri odikira kumetedwa, atatu odikira nkhani. Tsikulo pampando panali aPhunzi, mphunzitsi wopuma ntchito, amene tsitsi linawathawa kalekale koma ankabwerabe sabata iliyonse kudzachotsa zotsalira za kuseri kwa makutu.

"Mawu amenewo ngolemera," anatero aPhunzi, akuwayang'ana kudzera m'kalilole. "Makolo ambiri ndawamva akutero fomu isanafike pakhomo."

"Makolo ambiriwo si ine. Weramani pang'ono, aPhunzi, ndifune tsitsi."

Kudzitama kwa a Lumo kunali ndi pochokera. Ali mnyamata ankafuna kuyendetsa sitima yapamtunda. Bambo awo anangowagwira dzanja tsiku lina m'mawa n'kukawasiya kwa amalume awo ometa, amvekere tsitsi limamera ngakhale chaka cha njala. Papita zaka makumi atatu, ndipo sitima ikalira patali a Lumo amayamba aimitsa makina, n'kunamizira kuwapukuta. Choncho analumbira kuti mwana wawo sadzamugwira dzanja.

Mwanayo anali mmodzi yekha, mtsikana. Aliyense ankamutcha Chifukwanji, chifukwa ndi mawu amene anayamba kuwadziwa asanadziwe kupempha madzi. Mayeso omaliza a sekondale anakhoza mochititsa mantha, ndipo tsopano fomu ya kuyunivesite inali pathebulo. Inali ndi mndandanda wa maphunziro, lililonse ndi kabokosi pambali, ndipo munthu ankayenera kulemba 1, 2 ndi 3 m'timabokosi titatu. Wokhoza ngati iye sankamanidwa chimene waika poyamba. Ndiye kuti kanambala kowonda kaja, 1, ndiko kanali moyo wake wonse. Fomu inkafunika kuofesi Lachisanu dzuwa lisanafike pamutu.

Vuto la Chifukwanji linali losiyana ndi la anzake. Anzake ankasowa khomo lolowera, iye makomo anamuchulukira. Ankafuna zamalamulo, pakuti ankatsutsana ndi wailesi yomwe, ndipo nthawi zambiri wailesi ndiyo inkagonja. Ankafuna zamankhwala, pakuti chiyambire mayi ake kudwala shuga ndiye ankawerenga timapepala topindapinda ta m'mabokosi a mankhwala, tija ena tonse timataya. Ndiye panali chachitatu chimene a Lumo sankachitchula pabenchi: zanyengo. Kuyambira ali wamng'ono mtsikanayu ankaika chitini padenga la bafa, mvula ikakata n'kukapima madziwo ndi rula, n'kulemba m'kope. Makopewo anali atakwana asanu ndi awiri.

Lachitatu masana Chifukwanji anabwera kometera ndi chakudya cha bambo ake. Pabenchi panalibe munthu. Anakhala pampando wometera n'kumazungulira pang'onopang'ono.

"Bambo, mukanakhala inuyo mukanasankha chiti?"

"Ine ndinasankhiridwa, mayi. Zosankha sindizidziwa."

"Ndiye mungondiuza maganizo anu."

"Maganizo a kholo ndi lamulo lovala jekete. Ndikangotsegula pakamwa, wamangidwa."

Mtsikana anaimitsa mpando ndi phazi. "Mukudziwa chikundivuta? Ndimaona ngati tilipo atatu m'thupi muno. Ndikalemba 1 pa mmodzi, awiri enawo ndawatsekera panja, ndipo sadzabweranso. Onsewo ndine."

"Mapanga awiri avumbwitsa," anatero a Lumo, akutsegula kontena ya chakudya. "Nanga iwe uli ndi atatu, sudzachita kukokoloka?"

Anaseka onse. Koma mtsikana atachoka, a Lumo anadya mosamva kukoma. Mumtima mwawo nkhani inali itatha kale. Ankamuona mwana wawo atavala mkanjo wakuda, akufunsa mboni "chifukwa chiyani" mpaka mboniyo kupempha madzi. Ankaona benchi yonse itakhala chete iwo akunena kuti, "Loya wathu uja anaimba foni dzulo." Zamankhwala nazo sizinali zoipa, jasi loyera limapatsa ulemu. Koma mitambo? Munthu angakhale zaka zinayi pasukulu kuphunzira chinthu chimene bondo la aPhunzi limalosera kwaulere?

Anangoyamba kukumbukira, mwangozi, nkhani za maloya. Pakudya madzulo anasimba za kasitomala wina, loya, amene nsapato zake unkatha kumetera ndevu poyang'anamo. M'mawa mwake anasimba za winanso.

"Abambo ake, maloya akuchulukirani bwanji sabata ino?" anafunsa akazi awo, akupukuta mbale. "Zaka zonsezi ndimamva za madalaivala okhaokha."

"Ndi nyengo yawo."

"Nyengo mukuidziwanso inu?"

Lachinayi dzuwa litapendeka Chifukwanji anawapeza onse awiri pakhonde. Fomu inali m'manja, yolembalemba kale ndi bolopeni yakuda.

"Ndaganiza," anatero. "Ndimati ndidzifunse kuti chilichonse ndimachikonda nthawi yanji. Zamalamulo ndimazikonda ndikapambana mkangano. Tsiku limene ndagonja sindifuna n'kuzimva komwe. Zamankhwala ndimazikonda chifukwa cha amayi. Akanakhala kuti sadwala, sindikudziwa ngati timapepala tija ndikanatiwerenga. Koma chitini chija palibe anandituma, palibe amandiyamikira, ndipo ndikalosera molakwa ndi pamene ndimafunitsitsa kudziwa kuti ndalakwitsa pati. Ndaika zanyengo poyamba, zamalamulo pachiwiri, zamankhwala pachitatu."

Mayi ake anagwedeza mutu. "Bola uzitiuza tsiku lochapa."

A Lumo anamva ngati ameza chipeso. Koma anawomba m'manja kawiri, mwaulemu. "Wasankha wekha. Si ndinanena?"

Lachisanu m'mawa mtsikana anawapatsa envelopu yosamata, pakuti kalaliki ankayenera kuona zam'kati asanalandire.

"Mukapereke ndinu, bambo. Ine ndikainyamula ndikafika nditasintha kasanu panjira. Amayi angayambe kundimvera chisoni. Inu nokha ndi amene simulowerera."

"Wabweretsa pamalo pake," anatero a Lumo. Anavala shati yoyera, anapachika kachikwangwani pachitseko cha kometera kuti abwera posachedwa, n'kuuyamba ulendo.

Ofesi inali patali ndithu, koma anasankha kuyenda pansi kuti mutu upole. Sunapole. Envelopu inkawatentha m'khwapa. Anadutsa pa sitolo ya makope ndi zolembera, anapitirira, anaima, anabwerera. Anagula kabotolo ka utoto woyera wofufutira zolemba, kaja kokhala ndi kaburashi kuchitsekero. Anadziuza kuti n'kongoyendera, mwina kalaliki apeza kadontho kolakwika penapake. Munthu wanzeru sapita kuofesi chimanjamanja.

Pakhonde la ofesi panali mzere wa ana asukulu ndi makolo awo. A Lumo anakhala kumapeto kwa benchi, pafupi ndi zenera, n'kutulutsa fomu kuti angoionako. Manambala aja anali pomwepo, olembedwa bwino, mosanjenjemera. Anayang'ana kunja. Kumwamba kunali mitambo iwiri itatu, yoyenda mwaulesi ngati anthu osalembedwa ntchito.

Anayamba kukambirana ndi mtima wawo, ndipo pokambirana ndi mtima a Lumo sankagonja kawirikawiri. Kodi kumeneku n'kukakamiza? Ayi. Zamalamulo anazilemba yekha mwanayo, ndi dzanja lake. Iwo sakuwonjezera kanthu, sakuchotsa kanthu, akungosuntha mipando m'nyumba ya mwini. Ndiponso munthu akabwera kudzameta n'kunena kuti "chotsani pang'ono pokha," wometa wodziwa ntchito amaona yekha chimene chikuyenera mutuwo, ndipo mwini mutu amatuluka akuthokoza. Mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu adziwa chiyani za lendi? Mitambo idzakhalapobe. Akadzakhala loya adzagula nyumba ya mazenera akuluakulu n'kumaiyang'ana mpaka khosi kuwawa.

Kenako anakumbukira dzanja la bambo awo m'mawa uja, mmene linalili lofunda, losakwiya n'komwe. Anthu amaganiza kuti wokukhotetsera njira amabwera ndi chikwapu. Bambo awo anabwera ndi chikondi chokhachokha, ndipo panjira anawagulira nsapato zatsopano. A Lumo anaiona bwinobwino nkhani imeneyi, kuyambira kumutu mpaka kumchira. Anapumira m'mwamba. Anati komabe zawo zinali zina, pakuti sitima ndi ntchito yeniyeni.

Mzere unasuntha. Patsogolo pawo panatsala anthu anayi.

Anayala fomu pabondo, envelopu pansi pake kuti pakhale polimba. Anatsegula kabotolo. Dzanja la munthu amene wakhala zaka makumi atatu akuwongola mzere wa tsitsi pamphumi silinjenjemera. Kaburashi kanadutsa kamodzi pa 1, kamodzi pa 2, osakhudza mzere wa kabokosi ngakhale pang'ono. Inali ntchito yaukhondo, yoti akanakhala nayo poionetsa akanaionetsa. Anatulutsa bolopeni yakuda m'thumba la shati, koma utoto unali usanaume. Anakweza pepala kufupi ndi nkhope, anasongola milomo, n'kuyamba kuuzira pang'onopang'ono ngati munthu wopoza tiyi.

"Bambo, mwaiwala zithunzi."

Chifukwanji anali ataima patsogolo pawo, thukuta lili pamphumi chifukwa chothamanga, tizithunzi tiwiri ta nkhope yake tomata pafomu tili m'manja. Kumbuyo kwake kunali aPhunzi, amene mtsikanayo anawapeza akudikira pachitseko cha kometera ndipo anadzipereka kumulondolera njira yachidule.

Mtsikana anayang'ana timabokosi tiwiri toyera mbee, anayang'ana kabotolo kotsegula pabenchi, kenako anayang'ana bambo ake, amene milomo yawo inali ikadali chisongolere.

"Wotsatira," anaitana kalaliki.