Impso Imene Ndinadya ndi Hollis

"Chotsa chinthu chakocho pamaso pa bambo!" anakuwa achimwene anga a Sherbek, dzanja lili pa mfuti.

Ng'oma zinali zitayamba kale kulira, ndipo chigwa chonse cha Rumbur chinali chitasonkhana pabwalo la magule. Bambo athu, a Baraman, anali atamwalira, ndipo tinali titawagoneka pa kama wa zingwe pakati pa bwalo, atavala mkanjo watsopano, nthenga ili pa chipewa. Kwathu kwa Akalasha munthu wamkulu sitimulira chokhala pansi. Timamuvinira, kuomba mfuti m'mwamba, kupha mbuzi mpaka alendo atakana nyama. Ndiye pambali pa kamayo panaima Hollis, mzungu wopanga mafilimu, atakhazika makina ake ojambulira pa miyendo itatu.

Ndinalowa pakati pawo. Ine Mirzamas mfuti sindiiopa. Ndinachoka m'chigwa chimenecho nditakulunga zikopa za mbuzi kumapazi, n'kubwerera ndi magalimoto anga a jipi ndiponso hotela ku Chitral. Ndagulitsa makapeti ku Kabul, ndakwera sitima ya pamadzi ku Karachi, ndasoketsa suti ku Bombay kwa telala wosokera nduna. Mzungu mmodzi ndi mkulu wanga mmodzi akanandikanika bwanji?

"Tsitsani dzanja, achimwene. Ameneyu si mlendo. Mwaiwala?"

Sakanaiwala. Chilimwe cham'mbuyo ndinamuyendetsa Hollis m'mapiri athu akufuna malo ojambulira filimu yake ya asilikali achingelezi a nthawi ya atsamunda, akathyali othawa ku gulu lankhondo kukasaka chuma. Tsiku lina jipi inaterereka pa mtsinje, ine n'kumuvuula m'madzi ndi dzanja limodzi. Atasiya kunjenjemera anapempha kuti tikhale pachibale. Tinapha mbuzi, tinaotcha impso, tinaidula pakati. Ndinamudyetsa chidutswa chake, iye nandidyetsa changa, mudzi wonse ukuona. Kwathu amene wadya naye impso ndi m'bale wako kufikira kumanda. Mayi ako ndi mayi ake, maliro ako ndi maliro ake.

"M'bale wanga," anatero Hollis, dzanja lili pachifuwa, "bambo ako ndi bambo anga. Ndiloleni dziko lione mmene mumalemekezera munthu wamkulu. London yonse idzadziwa dzina la Baraman."

"London ipha mbuzi zingati pa maliro ano?" anafunsa a Sherbek.

"Inu achimwene, kutali kumene munafikako ndi kumene mbuzi zanu zinasocherako. Za London tisiyireni ife oyenda."

Amene anadula mlandu anali amayi, a Zarmas Gul. Anali atavula chisoti chawo cha mikanda ndi tizigoba, tsitsi atalimasula monga achitira mkazi woferedwa.

"Anadya impso ndi mwana wanga? Basi, ndi mwana wanga. Musiyeni aone bambo ake."

Tinavina tsiku limenelo! Ine ndinazungulira kamayo nkhwangwa ili m'mwamba mpaka fumbi linakwirira dzuwa. Amayi anaima kumutu kwa bambo, manja atawakweza, akutchula makolo awo mmodzimmodzi ndi maphwando amene anadyetsa chigwa chonse. Makina a Hollis ankangoti kwererere, iye misozi ili mbwembwembwe.

Filimuyo itafika ku Peshawar, panalibe munthu mumsika wa Chitral amene sanamve kuti bambo ake a Mirzamas aonekera pansalu yoonetsera mafilimu kuchokera ku London mpaka ku Amereka. Ndinanyamula amayi ndi a Sherbek pa jipi yanga yatsopano, tinadutsa phiri la Lowari, amayi atafumbata mkate wa mtedza pamiyendo. Chibadwire anali asanatulukepo m'chigwa. Ndinaitananso anzanga amalonda a mu Peshawar, anthu a ndevu zofiira ndi mphete m'zala, kuti adzaone kumene ndinachokera.

Tinalowa m'holo yoonetsera mafilimu masana dzuwa likuswa mtengo.

"Amayi awa awaone bwino," ndinauza wapakhomo. "Uwaonanso m'katimo, aakulu ngati nyumba."

"Nanga chinyumba chopanda mawindo chotere," anatero amayi akupapasa mpando, "amasungamo tchizi?"

Magetsi anazima. Panatulukira asilikali a majekete ofiira, akumwa, akuba abulu, akunamiza akuluakulu awo. Holo yonse inkaseka, ine kuposa onse. "Phiri ilo ndinamuonetsa ndine! Mlatho uwo ndine!" Kenaka sajeni wawo, chimunthu cha ndevu ngati tsache, anakwera chitunda atanyamula mbendera ya Angelezi, naizika pamwamba.

Pamenepo ng'oma inalira.

Amayi anandigwira mkono. "Ng'oma ya bambo ako iyo."

Linali bwalo lathu lenileni. Akazi a ku Rumbur atakolekana manja, a Sherbek akuomba mfuti m'mwamba, ine ndikuzungulira ndi nkhwangwa. Kenaka nkhope ya amayi inadzaza nsalu yonse, tsitsi lomasula, manja m'mwamba. Ndinagunda mnzanga ndi chigongono. "Tsopano muona a Baraman."

Chithunzi chinatembenukira kumene kunali kama. Kama kunalibe. Panali sajeni uja atakhala pa mpando, nsapato atazisanjika pa bokosi, kaliwo ali kukamwa, mbendera ikupepezeka kumbuyo kwake. Mnzake anawerama n'kumunong'oneza, ndipo Chingelezi ine ndimachimva bwino lomwe: "Taona mmene anyaniwa akondwera kupeza mbuye."

Holo inaphulika ndi phwete. Wina kumbuyo kwathu anaimba mluzu. "Akafiri a kumapiri awo, anthu osapembedza! Onani nkhalamba iyo, yamufuna mzungu!"

"Mirzamas," anatero amayi, "bambo ako ali kuti? Uyo wakhala pamalo pawoyo ndani?"

Ine amene ndingagulitse kapeti kwa woluka makapeti, ndinangoyang'ana nsapato zanga.

"Wanena chiyani mzunguyo?"

"Akuti... akuti mumavina bwino, amayi."

A Sherbek sanandiyang'ane n'komwe. Anangofunsa chapansipansi, maso ali pansalu: "Impso ija unadya ndi m'bale wako uja, inali ya mbuzi kapena ya galu?"

Amayi anaimirira. Anavula chisoti chawo n'kuchiika pamiyendo panga, namasula tsitsi. Ndinawagwira chovala koma anachotsa dzanja langa ngati akuchotsa chitsotso. Anatsika m'kanjira ka pakati pa mipando, pang'onopang'ono, mpaka anakwera pa nsanja ya patsogolo pa nsalu.

"Khalani pansi, agogo! Tiona bwanji?"

Sanacheuke. Anakweza manja n'kuyamba kutchula: Baraman mwana wa uje, mdzukulu wa uje, amene anadyetsa chigwa chonse chaka cha chipale chachikulu. A Sherbek anayamba kumenya thabwa la mpando motsatira ng'oma. Miluzu ija inazilala umodziumodzi.

Ine ndinatsala pa mpando m'suti yanga ya ku Bombay, tizigoba ta chisoti tikundilasa m'manja. Kuwala kwa makina kunagwera pamsana pa amayi, ndipo mthunzi wawo unakwera pansalu n'kumeza sajeni, mpando wake ndi mbendera yomwe. Pakati pa bwalo panangotsala mkazi wakuda bii, manja ali m'mwamba, anthu onse a ku Rumbur akuvina momuzungulira.