Sofa ya ba Mwanawina

Dabwitso, wa zaka makumi awiri ndi zinayi, ankagulitsa mvuu zosema pa msika wa Mukuni Park. Pakamwa pake panali pokoma kwa alendo ndi kwa akazi omwe. Vuto linali lakuti sankatha kuleka. Mkazi akangomumwetulira, m'mawa mwake Dabwitso ankadzuka m'nyumba yachilendo, manyazi atamugwira, dzina la mwini nyumba ataliiwala.

Tsiku lina anatumiza uthenga wachikondi umodzi kwa akazi anayi. Wachinayiyo, mwangozi, anali mlongo wake Nasilele. Nasilele sanakalipe. Anangomutengera kwa ba Mwanawina, mayi wothandiza anthu pa za maganizo, amene ofesi yawo inali kuseri kwa Mosi-oa-Tunya Road.

Dabwitso ankayembekezera mapilisi. M'malo mwake ba Mwanawina anamuuza kuti Lachinayi lililonse azigona pa sofa, azinena chilichonse chobwera m'mutu. Lachinayi loyamba anagonadi, mpaka mkonono. Lachinayi lotsatira anayamikira ndolo za ba Mwanawina, nkuyesa kuwagulitsa mvuu. Iwo anangomuyang'ana, osayankha. Chetecheteyo anamuyabwa ngati chitedze, ndipo anayamba nkhani ya mpira.

"Pakakhala zii, mumathamangira kulankhula," anatero mayiwo. "Mumaopa chiyani?"

"Ine, ba dokota? Niopa chabe ng'wena za mumtsinje."

Panapita miyezi itatu ya nthabwala zotere. Kenako tsiku lina, akufotokoza loto la basi yopanda dalaivala, anapezeka akunena zimene sanauzepo munthu. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, amayi ake anamukhazika pasiteshoni, namupatsa banzi, nati adikire pomwepo. Iwo anakwera basi ya ku Kazungula. Iye anadikira mpaka amalume ake anadzamutenga, ndipo amayiwo sanabwerenso. Kuyambira pamenepo, m'chipinda mukangokhala iye yekha, miyendo inkamutulutsa kukafuna munthu, aliyense.

Analira, nati ni fumbi la fani. Ba Mwanawina anamupatsa kansalu, fani nkuisiya ikuzungulira.

Sanasinthe tsiku limodzi. Anaterereka kawiri, nadzaulula yekha pa sofa paja. Koma mu Juni anafika akunyada, nanena kuti Lamlungu lonse anakhala kwawo ku Libuyu, yekha, foni ili m'thumba la jekete.

Ba Mwanawina anafunsa mmene zinalili.

"Zogwetsa ulesi maningi," anatero Dabwitso. "Koma mudziwa, aneba anga amaweta abakha? Zaka ziwiri ndikhala paja, sindinawaonepo."