Tabuleti Yotsekeredwa M'kabati

Dokotala atamaliza kumanga chikhakha pamwendo wa mtsikanayo, anawauza mayi ake, a Telala, mawu olemera: masabata asanu ndi atatu osaponda pansi. Mayeso omaliza a pulayimale anali atatsala miyezi itatu, ndipo sukulu inali ulendo wa ola lathunthu panjinga, njinga yomweyo imene inamugwetsa.

A Telala anali mayi wosoka zovala m'kashopu ka pakhomo pawo, wolera okha mwana mmodzi yekhayo. Anthu ankamutchula Namafunso, poti anayamba ali wamng'ono kufunsa chifukwa chake nkhuku sikodza. Akanalephera mayeso akanabwereza kalasi, ndipo mayi ake ankadziwa kumene kubwereza kumathera. Iwonso anabwerezapo, manyazi okhala pakati pa tiana anawagwira, sukulu n'kusiyira pomwepo.

Mwamwayi, sukuluyo inali ndi matabuleti, timakina tonga foni yaikulu tokhala ndi maphunziro m'kati. Mwana akadwala nthawi yaitali ankamubwereka imodzi. A Telala anapita kukaitenga, ndipo mlembi wa pasukulu, amene anali ndi mzere wa anthu pakhomo, anangoti, "Sainani apa, mayi. Mukaisamale."

Mawu akuti kusamala anagwera pa munthu wake. A Telala anali mayi woti matambula a alendo amene anawagula Namafunso asanabadwe anali asanalawepo madzi. Atafika kunyumba anaisokera tabuletiyo kathumba ka nsalu yofewa, n'kuiika m'kabati pambali pa matambulawo, kiyi n'kumangirira kunsonga ya mpango.

"Amayi, nanga ndiziphunzira bwanji?" anafunsa Namafunso.

"Mabuku uli nawo. Chinthu cha eni ichi. Wathyola mwendo, ukufuna uthyolenso galasi la sukulu?"

"Koma aphunzitsi anati..."

"Ndimawaona anzako akabwera kudzayesa madiresi. Maso pafoni, kuonera anthu ovina, ndiwafunse za msinkhu wa siketi sakundimva n'komwe. Iwe ayi."

Kwa masabata awiri Namafunso sanafunsenso kanthu. Ankagona pampando wautali kuseri kwa makina osokera, buku lili pachifuwa, tsamba lomwelomwelo. Mayi ake ankati ndi ululu wa mwendo.

Lachisanu lina masana, aphunzitsi a kalasi yake anaimika njinga pakhomo. Anali bambo wodekha, wa choko m'manja mpaka m'tsitsi. Atapatsana moni anati, "Mayi, ana onse amene tawabwereka matabuleti ntchito yawo ikufika Lachisanu lililonse. Ya mwana wathuyu sindinaionepo. Kodi yawonongeka?"

"Kuwonongeka? Pakhomo pano?" A Telala anamasula kiyi monyadira, natulutsa kathumba kaja. "Onani nokha. Ngakhale fumbi silinaione."

Aphunzitsi anadina kabatani, koma tabuletiyo sinayake. Batire linali litatha kalekale. Anayang'ana kathumbako, nayang'ana mtsikanayo, amene anali atatembenukira kukhoma.

"Kathumbaka mwasoka bwino zedi," anatero. "Koma ndifunseko. Makina anuwa mutawatsekera m'kabati mwezi wathunthu, angatani?"

"Angachite dzimbiri. Makina amafuna kupondedwa."

"Nanga mutu wa mwana?"

Ndi Namafunso amene analankhula, nkhope ikadali kukhoma. "Anzanga afika pa masamu amene m'buku sindikuwamva. Ndimawerenga, koma palibe wondifotokozera. Ndayamba kale kuganiza zobwereza."

Mawu amenewo anawalasa mtima a Telala. Anachita manyazi, ndiponso anachita mantha, chifukwa anazindikira kuti chimene ankachiopa kwambiri anali kuchiitana okha ndi kiyi wawo.

"Vuto si lanu nokha, mayi," anatero aphunzitsi. "Ifenso tinalakwa kukupatsani chinthu osakufotokozerani. Bwerani pafupi."

Analumikiza tabuletiyo pamagetsi a nyale ya pashopupo, ndipo itayaka anawaonetsa zonse. Munalibe intaneti, munalibe mavidiyo a ovina. Munali maphunziro a kalasi yake okha, ndi mawu a aphunzitsi omwewo ojambulidwa akufotokoza pabolodi. Mwana akapanda kumva, ankatha kubwezera kumbuyo kangapo konse. Akalakwa funso, inkamuonetsa pamene waphonya.

"Ndiye kuti muli m'katimu?" anafunsa a Telala. "Simutopa kubwereza?"

"Wa m'katimu satopa. Wotopa ndine wa panjingane. Tayesani funso ili: mamita atatu ndi theka a nsalu, kuwagawa pawiri."

"Mita imodzi ndi makota atatu," anayankha a Telala asanaphethire n'komwe, nakhudza galasilo ndi chala. Tabuletiyo inalira kuti akhoza.

"Amayi, kani masamu mumawadziwa?" anatero Namafunso, atadzuka tsopano.

"Ukuyesa madiresi ako ndimawadula ndi maloto? Safunsa anadya phula, mwana wanga. Ine ndadya la masabata awiri, basi lakwana."

Anagwirizana dongosolo. M'mawa uliwonse Namafunso ankaphunzira maola atatu pathebulo lodulira nsalu, mwendo uli pampando, pamene mayi ake ankamuona. Masana ankapumitsa maso n'kulemba m'kope. Lachisanu a Telala ankapita ndi tabuletiyo kusukulu popita kukagula ulusi. Aphunzitsi ankaona ntchito yake, n'kuikamo maphunziro atsopano pamodzi ndi mayankho a mafunso ake, amene sanali ochepa.

Sizinayende myaa. Masabata awiri otayika aja anamuvutitsa, ndipo phunziro lina analibwereza kasanu ndi kawiri mpaka makasitomala analoweza. Tsiku lina tabuletiyo inagwa pathebulo n'kukalika pakona. A Telala anapita nayo kusukulu mtima uli m'mwamba, koma aphunzitsi anangoti, "Ikuyaka? Ndiye kapitirizeni. Koma muziiika pakati pa thebulo."

Chikhakha chitachotsedwa, Namafunso anabwerera m'kalasi akutsimphina pang'ono, koma pa maphunziro sanatsalire. Zotsatira zitatuluka, a Telala anayenda ndi chala pamndandanda umene unamatidwa pakhoma la sukulu, monga amayendera pamsoko. Dzina linalipo, pakati pa opita kusekondale. Anakhala pansi pomwepo pakhonde n'kulira, osasamala kuti makasitomala awo akuwaona.

Pamsonkhano wa makolo wotsatira, aphunzitsi anawapempha kuti anenepo mawu. A Telala anaimirira.

"Makolo anzanga, sukulu ikamubwereka mwana wanu makina ophunzirira, funsani mmene amagwirira ntchito. Khalani naye pafupi, muone zimene akuchita, mumuikire nthawi. Mwana wodwala, wolumala kapena wokhala kutali asasiye sukulu pamene phunziro lingathe kumupeza kunyumba. Ine ndinkayesa ndikusamala katundu wa sukulu, osadziwa kuti ndikutsekera mwana wanga kunja. Kusamala chipangizo chophunzirira ndi kuchigwiritsa ntchito bwino."

Atakhala pansi, mayi wina amene mwana wake anali atangotuluka m'chipatala anawakodola. "Ndiye ndikasaine kuti?"

"Tiyeni ndikuperekezeni," anatero a Telala. "Koma tisachokeko asanatiphunzitse kuyatsa."