Pakamwa Panga Panafika ku Richmond

Ine Ozella Stiltner sukulu ndinasiyira kalasi yachinayi, koma pakamwa ndinamaliza makalasi onse. Ndiye taganizani kuti munthu amene anayamba kunditseka pakamwa anali jaji.

Doyle, mwana wa mchimwene wanga, anadula mitengo itatu ikuluikulu kumtunda kwa munda wathu n'kugulitsa kwa ocheka matabwa. Kunabwera anthu a nkhalango ya boma, akuti mitengoyo ndi yawo. Ine ndinati palibe vuto, jaji wa kwathu kuno timapemphera naye tchalitchi chimodzi. Koma loya wa Doyle, mtsikana wowonda dzina lake Renata Pruitt, anapukusa mutu.

"Azakhali, nkhalangoyo ndi ya boma la dziko lonse. Mlanduwu ukupita kukhoti lawo, kutauni."

"Boma la dziko lonse lasowa chochita mpaka kuwerenga mitengo ya kwathu?"

Chimene chinkandipweteka n'chakuti amene analozera Doyle malire ndine. Bambo anga anakhomera chitsulo cha ngolo pansi ine ndili kamtsikana, n'kunena kuti munda wathu umathera pamenepo. Ndinamuuza Doyle zomwezo, iye n'kukhulupirira. Sanabe mwanayo, anangomvera azakhali ake. Ndinavala diresi la maliro kuti ndikanene zimenezi pamaso pa anthu wamba khumi ndi awiri osankhidwa kugamula mlandu, koma jaji anati mawu a bambo anga ndi zongomva, sangalowe. Doyle anam'patsa zaka ziwiri kundende.

Renata anachita apilo. Anandijambulira pachivundikiro cha bokosi la nsapato: pansi khoti lija la kutauni, pamwamba pake khoti la apilo ku Richmond loyang'anira zigawo zisanu, pamwamba penipeni majaji asanu ndi anayi a ku Washington.

"Tipite kwa apamwambawo basi," ndinatero. "Ine ndikafuna mazira sindifunsa tambala."

"Amenewo amasankha okha milandu yoti amve, ndipo ndi yochepa kwambiri. Mwayi wathu uli ku Richmond."

Ndinakwera basi maola asanu ndi awiri, chigumu m'chikwama, umboni wonse uli m'kamwa. Pakhomo la khoti Renata anandigwira mkono.

"Azakhali Ozella, muno mulibe mboni. Majaji atatu awerenga kale zonse zimene zinanenedwa kutauni kuja. Akungofuna kuona ngati jaji analakwitsa lamulo. Inu mukhala chete."

"Iwe mwana, ndabwera kudzadandaula kuti ananditseka pakamwa, ndiye unditsekenso?"

"Mphindi makumi anayi zokha."

"Amuna anga anayesa zaka makumi anayi, ali kumanda."

Ndinakhala pabenchi n'kuika maswiti awiri m'kamwa kuti lilime lipeze ntchito. Patsogolo pa Renata panayaka kanyali kobiriwira komuuza kuti ayambe kuyankhula. Asanamalize n'chiganizo chachiwiri chomwe, jaji wamkazi wa imvi anamudula.

"Mayi Pruitt, chitsulo cha ngolo sichisintha mapu a boma."

"Zoona, olemekezeka. Sitikuti mitengo inali yake. Tikuti ankakhulupirira kuti ndi yake, ndipo amene anamuuza analipo m'khoti, sanaloledwe kuyankhula."

Ndinatsala pang'ono kuimirira kuti ndine, ndine! Ndinangoluma switi mpaka linalira. Jaji wa kumanzere anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ine n'kuyang'ana kudenga ngati mngelo.

Loya wa boma, mwamuna wa dazi lonyezimira, naye majaji anam'panikiza. "Munthu akatenga chinthu akuganiza kuti n'chake, waba?" anafunsa wa magalasi uja. Dazi lija linayamba kutuluka thukuta, kanyali kofiira kosonyeza kuti nthawi yatha n'kumupulumutsa.

Kenako majaji onse atatu anatsika pamipando yawo, n'kubwera kudzagwira Renata chanza. Ndinati tawina! Koma ndikuona akugwiranso chanza wa dazi uja, akumwetulira chimodzimodzi.

"Nanga awa ali mbali iti?" ndinafunsa titatuluka.

"Ndi mwambo wa khoti lino, amapatsa moni onse. Chigamulo chidzabwera pakalata."

"Liti?"

"Mwina miyezi itatu."

Tinakhala pamasitepe n'kudya chigumu chija. Renata zinyenyeswa zinali mbwee pasiketi. Ndinamuuza kuti wayankhula bwino, kungoti mawu ake ndi ochepa ngati a khoswe.

Inakwana miyezi inayi. Ndinali m'munda wa nyemba pamene foni inalira.

"Azakhali, awiri avomereza, mmodzi wakana. Akuti jaji analakwitsa kukuletsani. Mlandu ubwerere kutauni, uyambirenso."

"Wakanayo ndi uti? Wa magalasi?"

"Ayi, mayi wa imvi uja."

"Ndinadziwa. Nsanje ya diresi langa."

Doyle anatuluka kudzadikira mlandu watsopano ali kunyumba, atawonda ngati mpini. Tsiku la mlandu anavala shati ya malemu bambo ake, n'kundinong'oneza kuti, "Azakhali, chonde, za chitsulo zokha. Za mbuzi ya abusa musanene."

Jaji anali yemwe uja ananditseka pakamwa. Anandiitana ndi dzina langa lonse, ndipo ndinam'patsa ulemu wake, poti munthu wobwezedwa ntchito ndi akuluakulu n'kuigwiranso bwino si wamba. Kalaliki anati ndikweze dzanja ndilumbire kuti ndinena zoona zonse.

"Zonse?" ndinafunsa. "Anthuwa adya kale?"

Ndinayankhula mphindi makumi awiri ndi zisanu, za mbuzi sindinanene. Anthu khumi ndi awiri atsopano ogamula mlandu anakakambirana kuchipinda, ndipo pobwera anati Doyle alibe mlandu wakuba. Mitengo inali ya boma ndithu, bambo anga anaphonya ndi mapazi makumi atatu. Loweruka lotsatira ine ndi Doyle tinakazula chitsulo chija n'kuchikhomera pamalo pake.