Msomali Wopanda Chithunzi

"Makiyiwo ndipatseni, mlamu," anatero Lahcen, ataima pakhomo la chipinda cha azimayi.

Hnia sanadzutse mutu. Linali tsiku lachitatu chimuikireni m'manda mwamuna wake Mbarek, ndipo anali m'zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi, monga amachitira akazi amasiye kwathu kuno ku Draa. Miyezi inayi ndi masiku khumi sadzaponda kunja kwa mpanda. Pakona panali mulu wa mibulu ya shuga imene olira anabweretsa. Makiyi a holo ya mumzinda wa Ouarzazate, kumene chionetsero cha zithunzi za malemuyo chinayenera kutsegulidwa mawa lake, anali atawamangirira kunsonga ya mpango wake.

"Alamu, anthu akuwerengabe Korani pabwalopo," anayankha chapansipansi. "Mng'ono wanu dothi silinaume n'komwe."

"Iyeyo wapumula. Ine ndi amene nditsale ndi moto."

Nkhaniyo mudzi wonse unkaidziwa, ngakhale aliyense ankanamizira kuthira tiyi. Mbarek anatha zaka khumi akujambula mitengo ya kanjedza ikufa ndi ludzu, komanso anthu amene anaibzala. Anali munthu wa timiyambo take: m'thumba simunkasowa kabokosi ka inki, ndipo sankapachika chithunzi cha munthu mwiniwake asanadinde chala kumbuyo. Tinkamuseka, tinkamutcha kalaliki wa boma. Mkulu wake, Lahcen, ndiye anakumba mjigo wakuya popanda chilolezo, n'kudzala mavwende amene amamwa madzi ngati ngamira. M'zaka zitatu kanjedza wa bambo awo, kuseri kwa mundawo, anauma. Tsopano kunkamveka kuti mjigowo uli pa chithunzi china, ndipo akuluakulu oona za madzi anaitanidwa ku chionetserocho.

"Mukuopa chiyani, bambo aakulu? Chithunzi sichiluma," anatero Tamou, mwana wamkazi wa malemuyo, mphunzitsi wa lilime lakuthwa ngati chisenga.

"Tamumvani aphunzitsiwa! Mabanja asanu ndi anayi amadya pa mjigo umenewo, mwana iwe. Akautseka, uwadyetsa choko?"

"Nanga amene kanjedza wawo anauma akudya chiyani? Mavwende anu?"

Azimayi amene ankapeta ufa wa kusikusi, chakudya chathu cha tirigu, anasiya manja m'mbale. Hnia anamasula makiyi aja pang'onopang'ono, mfundo imodziimodzi, n'kuwaika m'dzanja la mwana wake.

"Mawa mupitire limodzi. Ukachite zimene bambo ako akanachita."

Tamou ankaganiza kuti akudziwa zimenezo. Anatsimikiza mumtima kuti chithunzicho chikhala pakhoma ngakhale thambo ligwe. Anali wokwiya, ndipo mkwiyowo unkamuthandiza kuti asalire.

Ananyamuka atangoswali m'mamawa. Maola atatu m'lole ya mavwende, munthu ndi bambo ake aakulu.

M'holomo munali zii. Zithunzi zinali kale pakhoma, pakuti Mbarek anazipachika yekha mtima usanamuthere panjira yobwerera kwawo. Panali ngalande yodzaza mchenga, panali nkhalamba itanyamula phava louma la kanjedza ngati yanyamula mwana. Lahcen sanaone chilichonse cha izi. Anayenda khoma ndi khoma, mkanjo ukuchita phuphuphu, akufunafuna mjigo wake. Kumapeto kwenikweni anaima.

Pamenepo panali msomali wokhawokha.

Pansi pake panatsamira phukusi lokulungidwa m'nsalu, pamwamba pake kabokosi ka inki kaja ndi kapepala. Tamou anawerenga mokweza: "Ichi ndi cha achimwene. Asapachike munthu aliyense mpaka eni ake atalola."

Phukusi limenelo Lahcen ankalidziwa. Katatu konse Mbarek anabwera nalo kumunda m'khwapa, ndipo katatu konse iye anakweza phokoso la injini kuti asamve chimene mng'ono wake akunena.

Anachotsa nsaluyo. Mjigo unalipodi, ndi payipi yake yonenepa, ndi mavwende obiriwira mochititsa manyazi. Kuseri kwake, mitengo youma ya bambo awo. Ndipo pakati pa mitengoyo panali Lahcen mwiniwake, atawerama ndi ndowa ziwiri, akuthirira kanjedza mmodzi yekhayo amene anatsala wamoyo. Ankachita zimenezo tsiku ndi tsiku m'bandakucha, akuganiza kuti palibe amene amamuona.

Tamou anayang'ana msomali uja. Kungotambasula manja, chithunzi chikanakhala pakhoma, ndipo akuluakulu a za madzi akanafika masana omwewo. Zinamuwawa kwambiri kuzindikira kuti mayi ake sanamutume zimenezo. Ananyamula chithunzicho n'kuchipereka ndi manja awiri.

"Tengani, bambo aakulu. Ndi chanu. Mukafuna katentheni."

"Ukundiyesa?"

"Ayi. Ndikanakhala ine ndikanapachika. Koma chionetserochi si changa."

Lahcen anafika nacho mpaka pakhomo. Kunja lole inali kudikira padzuwa. Anaima pamenepo nthawi yaitali, kenaka anapukuta galasi la chithunzicho ndi nsonga ya nduwira yake.

"Wamisala ameneyu," anatero osatembenuka. "Anabisala pati kuti andijambule chonchi? Taona msana wanga. Ndafanana ndi agogo ako."

"Akakuzindikirani mjigowo autseka, mukudziwa."

"Kaphunzitse ana a sukulu, osati ine."

Anabwerera, n'kukhala pansi pafupi ndi msomali uja, chithunzi chili chafufumimba pamiyendo. Kumbuyo kwa chithunzicho Mbarek anali atajambula kale ndi pensulo kamalo kodindapo chala, kokulirapo kuposa ka anthu ena onse, poti chala cha mkulu wake ankachidziwa. Lahcen anatsegula kabokosi kaja n'kusindikiza chala chachikulu. Sichinade. Inki inali itauma podikira.

"Uli ndi madzi?" anafunsa.

Tamou anatulutsa botolo m'chikwama chake, anagwada, n'kudontheza kadontho kamodzi.