Dzina Losapezeka M'laputopu

Bambo Abasi a ku Liwaladzi, mmisiri wokhoma maboti, laputopu ya akazi awo ankaitchula kuti "mwamuna mnzanga." Ankanena moseka, koma kansanje kanalipo ndithu. Mayi Zainab anali mlembi wa bungwe la alimi a nzimbe, ndipo akaweruka ankabwera nayo kunyumba n'kukhala nayo pakhonde mpaka tiyi kuzizira. Chilichonse ankajambula pafoni, kaya ndi ukwati, kaya ndi mbuzi yaswa, n'kusamutsira m'laputopumo, chithunzi chilichonse n'kuchipatsa dzina lakelake. Mayi aja dongosolo linali m'magazi.

Atamwalira, sadaka itachitika, akubungwe anatumiza uthenga mwaulemu. Laputopu ndi ya ofesi, mlembi watsopano akuidikira, adzaitenga mawa lake ndipo zonse za m'katimo adzafufuta. Abanja ayambe atengamo zawo.

Bambo Abasi ankafunamo chinthu chimodzi chokha. Tsiku lomwe ankatsitsira m'madzi boti lawo loyamba lalikulu, paja mtsinje wa Bua umathira m'nyanja, munthu wina anawajambula awiriwo ataima limodzi, amayi atakolowekadi mkono wawo mu wa abambo, zomwe sankachita pagulu. Chithunzi china cha awiriwo kunalibe.

Amira, mwana wawo woyamba, yemwe anabwera kumaliro kuchokera ku Lilongwe, anayatsa laputopu ija n'kugwira pakamwa. Munali mafoda m'kati mwa mafoda, ena a nzimbe, ena a banja, zithunzi zosawerengeka.

"Ababa, tikati tizitsegula chimodzichimodzi, akubungwe adzatipeza tisanafike n'pakati pomwe. Ndiikamo pulogalamu yofufuzira."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Ndiiuza mafoda oti iyang'anemo, ndi maimelo omwe. Iyamba yayendera zonse, monga mumayendera matabwa musanayambe kukhoma. Ikamaliza, mungolemba dzina, iyo n'kukubweretserani chilichonse chomwe chili ndi dzinalo."

Anachonga foda ya zithunzi, ya zolembalemba ndi bokosi la maimelo, n'kuisiya kuti iwerenge. Bambo Abasi anakhala pambali manja ali pamaondo, akuyang'anitsitsa kamzere kobiriwira kakukwawa. Kwa zaka zonsezi anali asanakhalepo pafupi chonchi ndi mwamuna mnzawo uja.

Itamaliza, Amira anayesa dzina la mlongo wake, Fahad. Zinatuluka mbwee: Fahad pa Idi, Fahad wathyoka dzino, Fahad wagula njinga. Analemba "mbuzi," nazonso zinadzaza sikirini yonse, mpaka bambo ake anaseka koyamba chichitikire maliro.

"Iyi ndi mfiti. Tsopano lemba langa."

Amira analemba: Abasi. Pulogalamu inayankha kuti palibe chomwe chapezeka.

Anayang'ana m'maimelo, namonso munalibe. Anabwerera kokonzera pulogalamu kuja, anawonjezera mafoda obisika ndi mbali ina ya disiki yomwe anaiiwala, n'kuiuza kuti iwerengenso. Anadikira. Analembanso dzina lija pang'onopang'ono, koma yankho linali lomwe lija.

"Mwina sinamalize bwino, ababa."

"Yamaliza," anatero Bambo Abasi akudzuka. "Mbuzi ilimo."

Anapita pansi pa mtengo wa mango pomwe panali boti losamaliza, natola hamala. Zinawapweteka, osati pang'ono. Chithunzi chikhoza kutayika, zimachitika. Koma mkazi woti wakhala naye mpaka imvi, wolemba dzina la mbuzi ndi la mwana aliyense wa m'mudzi, osalembapo lako ngakhale kamodzi? Anakhoma msomali umodzi, unapindika. Wachiwiri nawo unapindika. Anangokhala pathabwa n'kumayang'ana utuchi.

M'nyumba muja Amira anasowa chochita. Pofuna kudzitonthoza analemba dzina lake, kuti aone zomwe amayi ake anamusungira. Zinatuluka zambiri kuposa za Fahad ndi za mbuzi kuphatikiza, mndandanda wosatha, ndipo kamtima kanamukomera ndithu, poti uchisamba ndi uchisamba. Anatsegula choyamba. Sanali iye. Unali msana wa bambo ake, ataweramira thabwa. Chachiwiri, bambo ake akugona pamkeka atabwera ku mapemphero a Juma, kofia ili kumaso. Apa m'pamene anawerenga mayina a zithunzizo bwinobwino.

"Ababa! Tabwerani!"

Anabwera mokoka miyendo, hamala ili m'manja.

"Amayi anayamba akuitananipo kuti Abasi?"

"Iwe, akanayamba bwanji? Mayi ako anali munthu waulemu."

"Nanga ankakuitanani kuti chiyani?"

Bambo Abasi anaika hamala pansi, navala magalasi, n'kuweramira sikirini. Bambo ake Amira akupala thabwa. Bambo ake Amira akukangana ndi wailesi. Bambo ake Amira avala malaya ndinawagulira aja. M'maimelo opita kwa mng'ono wa amayi wa ku Nkhunga namonso anali iwo okhaokha: bambo ake Amira akana kupita kuchipatala, makani awo aja, bambo ake Amira andibweretsera chambo chachikulu, ati chinangodumphira chokha m'boti.

Zambiri mwa zithunzizo amayi anazijambula kuchokera pakhonde, iwo osadziwa. Madzulo onse aja ankadandaula kuti amayi maso ali pa mwamuna mnzawo, pasikirinipo panali iwo omwe.

"Lemba kuti Bua," anatero Bambo Abasi.

Amira anawonjezera liwulo, ndipo pa mndandanda wonse uja panatsala chimodzi: Ine ndi bambo ake Amira ku Bua. Boti kumbuyo, mphepo ikukoka mpango wa amayi, mkono uli mu mkono. Bambo Abasi analira osabisa, mwana wawo akuona, ndipo naye analira.

Atapukuta misozi, Amira analowetsa fulashi kuti asamutse zonse akubungwe asanabwere.

"Fodayi tiipatse dzina, kuti tisadzavutikenso. Ndilembe kuti Zainab?"

Bambo Abasi anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Dzina la mayi ako ukulitchula ngati la mnzako wakusukulu? Sendera uko."

Anakhala pampando uja, nafunafuna zilembo ndi chala chimodzi chokhakhala ndi matabwa, n'kulemba okha: Amake Amira.