Dzina la Elina ku Dar es Salaam

"Elina wanga! Elina wanga wandisiya!"

Elina anaika pansi lichero la nsawa. Mayi wolirayo anali atangotsika m'galimoto yoyera patsinde pa mango, mpango wakuda kumutu, ndodo m'manja. Amayi amene anakhala pamphasa anayang'anana, kenako onse anatembenukira Elina, amene anali moyo pakati pawo, makoko a nsawa ali mbwee pachitenje.

Panali patapita masiku atatu chiikireni m'manda mng'ono wake Ottilia.

Juliet, mwana wa malemuyo, anathamanga kukalandira mlendo. Atamukhazika pampando anadzagwada pafupi ndi Elina.

"Ndi a Rabia a ku Katete, amayi aakulu. Aja amayi ankagwirako ntchito ku Dar. Nambala yawo ndinaipeza m'foni ya amayi."

Elina sanafunike kuuzidwa. Zaka makumi anayi zapitazo, bambo wina wa sitolo ku Katete ankafuna mtsikana woperekeza mwana wake Rabia, amene ankakwatiwa ku Dar es Salaam. Akatekisiti anatchula Elina, poti ankatha kusita ndi kuwerenga. Pasipoti inatuluka, diresi n'kusokedwa. Kutatsala sabata imodzi, mayi a Elina ndi Ottilia anagwa kumunda, mbali imodzi n'kufa ziwalo. Atsibweni sanachulutse mawu: wamkulu asamale mayi, wamng'ono apite. Awiriwo ankafanana nkhope kwambiri, ndipo pamalire palibe anafunsa kanthu.

Ottilia anakhalako zaka zisanu. Elina anatha zaka zisanu ndi ziwiri akutembenuza mayi ake pamphasa ndi kuchapa nsalu zawo m'mawa uliwonse.

Ottilia atabwerera, Dar sinachoke pakamwa pake. Kumunda, kuchigayo cha ku Vubwi, ngakhale pamaliro a eni, nkhani inali yomweyo: mphepo yonunkhira mchere, mpunga wophikira kokonati, bwato lalikulu lowolotsa magalimoto. "Tinali atsikana, achemwali," ankatero atatsamira mpini wa khasu. "Lamlungu tinkavula nsapato n'kulowa m'nyanja mpaka m'mawondo." Elina ankangoti, "Tamva," n'kupitiriza kupalira.

Rabia atapukuta misozi anapereka moni kwa aliyense. Pofika pa Elina anamuyang'anitsitsa.

"Inu ndi abale ake, sindikufunsa n'komwe. Nkhope yomweyo. Dzina ndani, mayi?"

"Elina."

"Ayi, ndikuti dzina lanu."

"Ndi lomwelo. Amene mukumulirayu ndi Ottilia. Elina munamuitana uja ndine. Pasipoti inali yanga, ulendo unali wanga. Iye anangokwera basi."

Rabia anagwira pakamwa. Juliet anayang'ana uku ndi uku, chifukwa nayenso nkhaniyi ankaimva koyamba.

"Chaka chatha anabwera kudzandiona kusitolo," anatero Rabia. "Anali atamva kuti amuna anga anamwalira, ndabwerera kwathu. Tinacheza tsiku lonse. Sanandiuze."

"Akanakuuzani bwanji? Zinamukomera."

Rabia mwina sanamve ululu wa mawuwo, kapena anafuna kuuziziritsa. Anayamba kukumba zakale. Anati mtsikanayo anaphunzira Chiswahili m'miyezi itatu yokha, mpaka kumakangana mitengo ndi ogulitsa nsomba. Anati paukwati wa mlamu wake anavina mpaka amayi a kumeneko anamumangirira nsalu yatsopano m'chiuno, msewu wonse ukufuula kuti Elina, Elina. Ankasimba akuseka, misozi ikutsika, ndipo amayi a pamphasa anayamba kuseka naye.

Elina anaswa nsawa imodzi mwamphamvu, njere n'kugwera m'fumbi.

"Ndiye kuti dzina langa linkavina paukwati, mwini wake ndikutaya mikodzo kuseri kwa nyumba."

Kuseka kunatha. Mayi wina anadzuka, akuti akaone madzi pamoto.

Juliet anabwera ndi tiyi, mwana wake Sarah, wa zaka zinayi, atagwira nsonga ya chitenje chake. Rabia anasisita mwanayo tsaya n'kufunsa Juliet zimene amachita.

"Ndimaluka tsitsi. Mnzanga wandipezera malo pasaluni ku Joni, ndiyenera kunyamuka kumapeto kwa mwezi. Amayi anali atavomera kutsala ndi Sarah. Tsopano..." Maso ake anapita kwa Elina n'kubwerera pansi.

"Tsopano Elina alipo," Elina anamumalizira. "Elina sapita kulikonse. Mukamuika apa m'mawa, madzulo mumupeza pomwepo ngati mtondo."

"Sindikukukakamizani, amayi aakulu."

"Ngakhale ine sanandikakamize. Anangogamula."

"Ndiye ndisapite?"

Elina anamuyang'ana. Juliet anali ndi khosi lalitali la mayi ake, ndi kaimidwe kaja ka munthu amene mwendo umodzi uli kale pamsewu. Mumtima mwa Elina munabwera mawu akuti usapite, tsala, nawenso ulawe. Anawamva kukoma kwake pa lilime. Anaona kale Juliet akubwerera patapita zaka, atanyamula zikwama ndi nkhani zosatha, iyeyo ali wokalamba pamphasa akuti, "Tamva."

Sarah anatola njere ija m'fumbi, anaipukuta pa diresi, n'kuiika m'lichero.

"Ukatsala udzandida mpaka kumanda," anatero Elina, mawu ali ouma. "Ndikudziwa mmene zimakhalira. Bulangeti la mwanayu ndi khadi lake la kusikelo ubweretse kwanga. Ndani winanso?"

Juliet anafuna kugwada kuti athokoze, koma Elina anali atayamba kale kupeta nsawa, mankhusu akuulukira pakati pawo.

Dzuwa litapendeka, Rabia anatsazika. Monga mwini maliro, Elina anayenera kumuperekeza. Anayenda pang'onopang'ono chifukwa cha ndodo ija mpaka anafika pafupi ndi nyumba ya Ottilia. Chitseko chinali chotsegula, zovala za malemuyo zitaunjikidwa pampando kudikira tsiku logawa.

"Nyanjayo," Elina anafunsa osamuyang'ana, "ndi yaikuludi monga ankanenera?"

"Kuposa pamenepo."

Elina anagwedeza mutu. Ankayembekeza kuti mwina amva kuti mng'ono wake ankakokomeza.

Rabia anaima, manja onse pandodo.

"Pali chinthu chimodzi chimene chinkandikwiyitsa mwa iye. Ndinkamukalipira nacho, mpaka ndinafuna kupita naye kuchipatala kuti akamuone m'makutu. Ndikamuitana kuti Elina, sankayankha msanga. Kaya ali ndi mpeni m'manja, kaya wabereka mwana wanga, ankayamba watembenukira kukhomo, nkhope itawala, ngati pali wina amene akulowa. Akaona kuti palibe, ndiye n'kuyankha. Zaka zisanu zonse. Ngakhale chaka chatha kusitolo anachita zomwezo."

"Kutembenuka bwanji?"

"Chonchi."

Rabia anatembenuza mutu pang'onopang'ono kudutsa paphewa, nsidze zitakwera, milomo itatseguka pang'ono ngati munthu wofuna kupereka moni. Anakhala choncho, akuyang'ana khomo la Ottilia.

Elina nayenso anayang'ana komweko. Woyendetsa galimoto analiza injini, koma amayi awiriwo sanasunthe.